NYAMA ZA KU LUANGWA NDI MABUNGWE OZISUNGA

Pakati pa amuna ogwira nchito ku migodi ya Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Chingola, ndiponso pakati pa anthu okhala m'makomboni a mu Lusaka, alipo ambiri amene kwao ndi ku Petauke kapena ku Nyimba. Iwowa akapita kukaona abale, amamva nkhani zacilendo pabwalo: wina achula COMACO, wina anena za ndalama za mitengo, winanso adandaula kuti njobvu zatha cimanga cace ndipo palibe womlipira. Mlendoyo abwerera ku nchito ndi funso mumtima: kodi mabungwe amenewa ndi a yani, afunanji m'dziko la Ansenga, ndipo kodi akonda nyama kupambana anthu?

Funso limeneli nloyenera. Yankho lace lalifupi ndi ili: mabungwe osunga nyama anayamba ndi kulonda chire ndi mfuti, ndipo analephera, pambuyo pace anaphunzira kuti nyama siisungika ngati nkhokwe ya mwini dziko iri yopanda kanthu. Nkhani yonse ya zaka makumi asanu ndi awiri zapitazi ndiyo nkhani ya phunziro limenelo.

BUNGWE LACIFUNDO NCIANI?

Coyamba kudziwa ndi ici, cakuti mabungwe amenewa si Boma ai. Monga mwa lamulo la dziko la Zambia, nyama zonse za m'chire ziri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo ozilonda ndiwo a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama za m'Chire, amene kumidzi angochedwa a Gemu. Mitengo nayo iri ndi dipatimenti yace. Koma nchito njaikulu, ndipo ndalama za Boma nzocepa. Cifukwa cace anthu ena amasonkhana, napanga bungwe, napempha zopereka kwa anthu acifundo, kwa makampani ndi kwa maboma a maiko akutali.

Ndalama zimenezo sizigawidwa kwa akulu a bungwe monga phindu la sitolo. Zigula nsapato ndi kamba wa alonda, mafuta a galimoto, mbeu za alimi ndi mabuku a ana a sukulu. Bungwe lotere liribe mphamvu yomanga munthu palokha. Alonda amene liwathandiza agwira nchito pansi pa a Gemu. Ndiponso silingagwire nchito m'dziko la mfumu popanda mfumuyo kubvomera.

DZIKO LACE

Mtsinje wa Luangwa ucokera ku mapiri a Mafinga kumpoto, nutsika m'cigwa cotentha, nukathira m'Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali Feira. Munthu wocokera ku Lusaka pa Mseu Waukulu wa Kum'mawa aoloka mtsinjewu pa mlatho wa Luangwa, nakwera mapiri a ku Kacholola, nafika ku Nyimba kwa nthoci zambiri. Patsogolo pace ndi pa Petauke. Mseuwo uyenda pamtunda, pamene pali midzi yambiri ndi minda ya cimanga, nsawa ndi thonje. Koma kumpoto ndi kumadzulo kwa mseu dziko litsetsereka kunka kucigwa, ku maiko a Mafumu Nyalugwe, Luembe, Mwape, Nyamphande ndi Sandwe, ndipo kumeneko ndiko kwatsala nkhalango ndi nyama. Maiko a Sandwe ndi Nyamphande anali m'boma la Petauke kufikira caka ca 2018, pamene anapatsidwa boma lao la Lusangazi.

M'dera limeneli muli malo awiri amene lamulo linawapatula cifukwa ca nyama. Ena ndiwo West Petauke, tsidya lija la Luangwa, m'maiko a Luembe ndi Nyalugwe. Ena ndiwo a Sandwe, amene acita malire ndi paki yaikulu ya South Luangwa. Pali kusiyana pakati pa paki ndi malo awiriwa. M'paki saloleza kumanga mudzi, kulima kapena kusaka. Koma m'malo opatulidwawa anthu akhala ndi midzi yao ndi minda yao, ndipo kusaka kuloledwa kwa iye yekha amene ali ndi ciphaso. Tsono munthu ndi njobvu amwera pa dooko limodzi, ndipo apa ndipo pagona bvuto lonse.

ZA KALE

Kale lomwe eni dziko anali nao malamulo ao a uzimba. Si munthu ali yense amene anapha njobvu. Inali nchito ya alenje odziwika, ndipo mnyanga umene unagunda pansi njobvu itagwa unali wa mfumu. M'zaka za m'ma 1800 Acikunda ndi Apwitikizi ocokera ku Zumbo anakwera m'cigwa ndi mfuti, kufuna minyanga ndi akapolo. Pambuyo pao anafika Angelezi ndi malamulo olembedwa.

Mmodzi wa mabwana oyamba a pa boma la Petauke anali Harry Thornicroft. Iye anapha nyamalikiti m'cigwa, natumiza cikopa cace ku London. Akatswiri a kumeneko anaona kuti mawanga ace ngosiyana ndi a nyamalikiti a kwina, ndipo m'caka ca 1911 anaucha mtunduwo dzina la Thornicroft. Nyamalikiti ameneyu sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'cigwa ca Luangwa mokha, ndipo alipo mazana owerengeka.

M'caka ca 1938 Boma la Northern Rhodesia linatseka zigawo zazikulu za cigwa kuti zikhale za nyama zokha, ndipo mu 1972 cigawo cakumwera cinasanduka paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050. Nyama zinapeza pothawira, koma anthu anaona kuti cuma cimene makolo ao anadya casanduka ca Boma, ndipo mlenje amene dzulo anali wolemekezeka lero wasanduka mbala. Cilonda cimeneci sicinapole msanga.

Munthu woyamba kuyesa njira yina anali Norman Carr, amene anagwira nchito yopitikitsa ndi kupha njobvu zoononga minda. M'caka ca 1950 iye anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti mfumuyo ipatule gawo la dziko lace, alendo adzibwera kudzaona nyama, ndipo ndalama zimene alipira zidzilowa m'thumba la ufumu. Ici cinali cinthu catsopano m'masiku amenewo: nyama yamoyo kubweretsa ndalama kwa eni dziko.

Patapita zaka zitatu, mu 1953, Azungu ena okonda uzimba anapanga bungwe la Game Preservation and Hunting Association, limene pambuyo pace linasintha dzina ndi nchito, ndipo lidziwika kuti Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia. Ndilo linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu mu 1972, ndi pulogalamu ya ana pa wailesi. Ambiri a omvera anaphunzira maina a mbalame ndi mitengo m'makalabu amenewo ali ana.

ZAKA ZA CIONONGEKO

M'caka ca 1973 akatswiri anawerenga njobvu za m'cigwa ali m'ndege, napeza ngati 86,000. Zipembere nazo zinali zikwi zingapo. Posacedwa mtengo wa mkuwa unagwa, monga akumbukira bwino akuluakulu a ku migodi. Nchito zinasowa, zinthu zinakwera mtengo, ndipo Boma linasowa ndalama zolipira alonda ndi kuwagulira zipangizo. Pa nthawi yomweyo mtengo wa minyanga ya njobvu ndi nyanga za cipembere unakwera kwambiri kunja. Magulu a anthu okhala ndi mfuti za nkhondo analowa m'cigwa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zotsala sizinafike ngakhale theka la ciwerengero cija.

M'caka ca 1979 Norman Carr ndi anzace anapanga bungwe la Save the Rhino Trust, mothandizidwa ndi bungwe la maiko onse la WWF. Analemba alonda, nawabveka, nawatuma m'chire masabata athunthu. Alondawo anagwira nchito molimba mtima, namanga anthu ambiri. Koma zipembere zinathabe, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'dziko lonse la Zambia simunatsale cipembere cakuda ngakhale cimodzi. Zimene ziri ku paki ya North Luangwa zinacita kubwera pa ndege: zisanu zoyamba zinacokera ku South Africa mu 2003, mwa nchito ya Boma ndi bungwe la ku Germany la Frankfurt Zoological Society. Ku Petauke ndi ku Nyimba cipembere catsala m'nthano za agogo.

Nanga cinalakwika nciani? Alonda anali ocepa, chire lalikulu. Koma coposa apo, midzi inali cete. Anthu anadziwa njira imene opha nyama anadzera, anadziwa amene anawanyamulira katundu, koma sananene, pakuti opha nyamawo anasiya ndiwo pamudzi, pamene alonda anasiya milandu yokha.

NDALAMA ZA NYAMA ZIFIKA PAMUDZI

Ataona ici, a Gemu ndi mabungwe anabwerera ku nzeru ya Nsefu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba cikonzero cochedwa ADMADE: anyamata a m'midzi momwemo analembedwa ulonda, ndipo gawo la ndalama zimene alenje acuma a kunja alipira posaka linayamba kubwerera kwa eni dziko. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa makomiti osankhidwa ndi anthu m'dziko la mfumu iri yonse ya kumalo a nyama, amene adziwika ndi zilembo zakuti CRB, ndipo mfumu ndiyo nkhoswe yao. Mwa pangano limene linatsatira, pa makwaca 100 ali onse olipiridwa pa nyama yosakidwa ndi ciphaso, 45 anayenera kunka ku komiti, 5 kwa mfumu, ndi 50 kwa osunga nyama a Boma.

Ndalama zimenezi zinamanga zipinda za sukulu ndi kulipira alonda. Koma cipinda ca sukulu sicidyedwa. Banja limene nkhokwe yace yatha m'mwezi wa December silikhuta poona malata atsopano pa sukulu. Bambo atenga waya, napita kuchire.

Msampha wa waya ndiwo mdani woipa kopambana mfuti, pakuti suwomba phokoso, ndipo susankha. Munthu achera makhwekhwe makumi awiri pa njira ya kumadzi, kufuna gwape kapena njiri. Koma wayayo agwiranso mkango m'khosi, mmbulu m'ciuno, nyamalikiti pa mwendo, ndipo adula citamba ca njobvu. Mwini wace akaopa alonda sabwererako, ndipo nyama ziolera pomwepo, osadyedwa ndi munthu.

KUSINTHANITSA MSAMPHA NDI KHASU

Dale Lewis, katswiri wa ku America amene anakhala m'cigwa zaka zambiri pa nchito ya njobvu ndi yophunzitsa alonda a m'midzi, anazindikira kuti ambiri ochera misampha acita ici cifukwa ca njala: nyamayo aisinthanitsa ndi cimanga. Tsono m'caka ca 2003, pansi pa bungwe la ku New York la Wildlife Conservation Society, kunabadwa COMACO, ndiko kunena misika ya anthu yothandiza kusunga cilengedwe. Inayambira ku Lundazi, nifalikira ku Mfuwe, ku Nyimba ndi ku maboma ena, ndipo pambuyo pace inaima payokha monga kampani yosagawa phindu.

Kacitidwe kace nkotere. Alimi asonkhana m'magulu ang'onoang'ono, ndipo gulu liri lonse liri ndi mlimi wotsogolera wa pamudzi pomwepo. Aphunzira ulimi wa gamphani, wokumba timaenje tosunga madzi ndi manyowa. Aleka kutentha mapesi. Asinthanitsa cimanga ndi nsawa, soya ndi nyemba, zimene zibwezera cakudya m'nthaka. Pakati pa mizere abzala mtengo wa Gliricidia, umene masamba ace akakwiriridwa agwira nchito ya feteleza, ndipo nthambi zace zikhala nkhuni. Munda ukakhala ndi nthaka yamoyo, mwini wace safunanso kugwetsa nkhalango kuti atsegule wina. Apacikanso ming'oma ya njuci m'mitengo. Ndipo munthu amene ali ndi mng'oma mumtengo salola mnzace kuudula kapena kutentha chire mwacisawawa.

Pa nthawi yokolola COMACO igula mbeuzo, niwonjezera mtengo kwa iwo amene asunga pangano la kusachera misampha ndi kusaononga nkhalango. Nsawa izisandutsa ciponde ca m'mabotolo, mpunga ndi uci iziika m'mapaketi, ndipo zonsezi zigulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka ndi a ku migodi ndi dzina lakuti It's Wild! Alenje ochuka, amene alonda analephera kuwagwira, aitanidwa kuti apereke mfuti zao, naphunzira ulimi, ukalipentala kapena kuweta njuci. Pofika caka ca 2011 anthu anali atapereka misampha ya waya yoposa 60,000 ndi mfuti zoposa 1,400, zambiri mwa izo za gogodera. Maphunziro ace anafikanso kwa alimi pa wailesi, mwa pulogalamu yochedwa Farm Talk.

Pano palibe matsenga. Munthu sanaleke kuchera cifukwa cakuti wakonda mkango. Analeka pakuti nkhokwe yace yadzala, ndipo waona kuti msampha ungamtayitse msika.

MITENGO NDI MAKALA

Nyama siikhala popanda nkhalango, ndipo nkhalango za ku Nyimba ziri kupita ku Lusaka m'matumba. Ali yense woyenda pa Mseu Waukulu wa Kum'mawa aona matumba a makala, amene a m'tauni ati malasha, ataimikidwa m'mbali mwa mseu kuyembekeza malole. M'zaka za m'ma 2010 kunabweranso odula mitengo ya mukula yotumiza ku China. Mitengo ikatha paphiri, mvula ikokolola nthaka, mitsinje ing'onoing'ono idzala mcenga, ndipo zitsime ziphwa mwezi wa September usanathe.

Lamulo la nkhalango la 2015 linapatsa midzi mphamvu yolembetsa nkhalango yao ndi kuiyang'anira okha. Pamodzi ndi lamuloli panafika malonda acilendo, amene kumidzi achedwa ndalama za mitengo kapena za kaboni. Tanthauzo lace ndi ili. Mafakitale, ndege ndi magalimoto a dziko lonse lapansi atulutsa mpweya wa kaboni, umene ukaculuka mumlengalenga utenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Mtengo wamoyo umwa mpweya umenewo ndi kuusunga m'thunthu mwace. Ukatenthedwa, mpweyawo ubwerera kumwamba. Cotero makampani a kunja alipira midzi kuti mitengo yao ikhale ciimire. Akatswiri ayesa nkhalango ndi zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba ndi kupima mitengo pansi, ndipo malipiro atsata kuculuka kwa mitengo imene yapulumuka.

Kampani ya BioCarbon Partners, imene si bungwe lacifundo koma icita malonda amenewa, inayamba nchito yace m'cigwa mu 2014 ndi mafumu khumi ndi awiri, pakati pao Luembe, Nyalugwe ndi Sandwe, pa nkhalango za mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi. COMACO nayo inacita cimodzimodzi ndi mafumu asanu ndi anai, pakati pao Nyamphande ndi Mwape, ndipo mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalipira madola oposa 800,000 pa nchitoyo, gawo lace nkupita kwa mafumu ndi anthu ao. Ndalama zotere zakumba mijigo, zamanga zipinda za sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, ndi kulipira alonda a nkhalango.

MLANDU WA MTSINJE

Panali nthawi imene mtsinje weniweniwo unali pa mlandu. Kunali maganizo omanga damu la magetsi pa Ndevu, pamene Luangwa apanikizika pakati pa mapiri. Damulo likadamiza midzi, minda ya m'madimba ndi malo odyera nyama, ndi kusintha kusefukira kwa madzi kumene kubweretsa nthaka yacondeyo caka ndi caka. Bungwe la WWF linagwirizana ndi mafumu a m'cigwa, pakati pao Mfumu Yaikulu Luembe, ndipo anthu pafupifupi 200,000 a maiko ambiri analemba maina ao pa kalata yopempha Boma kuti lileke. M'caka ca 2019 Boma linaimitsa cikonzeroco.

Wogwira nchito ku mgodi adziwa kuti popanda magetsi mapampu aima ndipo mgodi udzala madzi. Tsono iye angafunse ngati kukana damu kunali kwanzeru. Koma cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa kuti damu nalonso lidalira mvula: madzi a ku Kariba anatsika, ndipo matauni anakhala mumdima maora ambiri tsiku liri lonse. Ndico cifukwa cace mabungwe alimbikitsa magetsi a dzuwa, amene safuna kumiza mudzi wa munthu.

MADANDAULO A ENI DZIKO

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nyama zikasungika, zifika m'minda. Njobvu zingathe munda wa banja lonse usiku umodzi, ndi kupasula nkhokwe. Mvuu zidya mpunga ndi cimanga ca m'madimba. Ng'ona zigwira amai potunga madzi ndi asodzi pa mabwato ao. Lamulo la nyama la 2015 silinaike malipiro a munthu amene munda wace waonongeka kapena mbale wace waphedwa. Ici ndico cowawa coposa zonse, ndipo cicititsa anthu kunena kuti njobvu ikaphedwa magalimoto afika tsiku lomwelo, koma munthu akaphedwa afika mocedwa.

Mabungwe ayesa kucepetsa bvutoli. La Conservation South Luangwa, limene linayamba ku Mfuwe mu 2003, laphunzitsa alimi kupitikitsa njobvu ndi tsabola, amene pfungo lace njobvu idana nalo, ndi kumanga nkhokwe zolimba za njerwa ndi simenti zimene citamba sicingatsegule. Njira zimenezi zithandiza, koma sizibweza munthu amene wafa.

Alipo madandaulo enanso. Ndalama za ziphaso zakhala zikucedwa kucoka ku Lusaka, nthawi zina miyezi yambiri, alonda a m'midzi nkukhala osalipidwa. M'midzi yina anthu sadziwa kuti ndalama za kaboni zinabwera zingati, ndi kuti anazigawa ndani. Mapangano ace ndi a zaka zambiri, olembedwa m'Cingelezi cobvuta. M'mbali mwa Luangwa muli malo ena amene anapatsidwa kwa anthu acuma oweta nyama za m'chire, ndipo anthu adandaula kuti njira zao za kumadzi ndi kokatema nsungwi zinatsekedwa. Ndiponso zopereka za kunja sizikhalitsa: m'caka ca 2025 Boma la America linatseka bungwe lace la USAID, limene linathandiza nchito zambiri zotere m'cigwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nchito yodalira mlendo yekha itha tsiku limene mlendoyo amanga katundu wace. Yokhalitsa ndiyo imene eni dziko aitenga kukhala yao, ndipo awerenga okha ndalama zace.

GAWO LA ANTHU A M'TAUNI

Munthu wa ku Wusakile kapena wa ku Matero angayese kuti nkhani imeneyi nja anthu a kumudzi okha. Si tero. Waya wa msampha ali ndi nsonga ziwiri: yina iri pa khosi la nyama ku Sandwe, yina iri m'dzanja la wogula m'tauni. Nyama youmika ya njati ndi ya nchefu ibwera m'matumba, yobisika pansi pa makala kapena nsawa, cifukwa alipo oigula. Wochera msampha alandira zocepa, ndipo ndiye amangidwa. Phindu lipita kwa wamalonda wa pakati.

Nyama yotereyi iri ndi ngozi yacenso, pakuti palibe dokotala wa ziweto amene anaiyesa. M'caka ca 2011 ku Chama, kumtunda kwa Luangwa yemweyo, anthu anadya ndi kusenda mvuu zimene zinafa ndi matenda a anthrax. Oposa 500 anadwala, ndipo asanu anamwalira. Cifukwa ca zoterezi, mu 2017 bungwe la Wildlife Crime Prevention pamodzi ndi a Gemu linayamba kucenjeza anthu a m'matauni pa wailesi ndi pa zikwangwani, kuti wofuna nyama ya m'chire aigule kwa ogulitsa okhala ndi ciphaso, amene aitenga ku mafamu oweta nyamazo.

Za makala nzobvuta koposa, pakuti mai wa m'komboni sangaphike nsima ndi malangizo pamene magetsi azima. Koma mbaula yomatidwa ndi dongo mkati idya makala ocepa kuposa ya citsulo cokha, ndipo mphika wobvundikira upsa msanga; thumba limodzi likakhala masabata ambiri, mtengo wina ku Nyimba wapulumuka, ndi ndalama za banja zapulumukanso. Wogula ciponde kapena uci wa alimi a m'cigwa athandiza kudzaza nkhokwe ya mbale wace. Ndipo amene atumiza waya wakale wa pa nchito kwa abale kumudzi acite bwino kufunsa kuti wayayo akamanga khola kapena akachera nyama.

Koma thandizo lopambana onsewa ndi la maphunziro. Anthu a ku migodi azolowera misonkhano ya mabungwe a anchito. Adziwa kufunsa mlembi kuti awerenge ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo adziwa kuti pangano liwerengedwa lisanasainidwe. Nzeru imeneyi njosowa m'midzi yambiri ya m'cigwa. Munthu wotere akafika kwao, akhale nao pa msonkhano wa komiti ya CRB kapena wa gulu la nkhalango. Afunse mwaulemu, pamaso pa nduna za mfumu, kuti caka cino zalowa zingati, zagula ciani, ndipo pangano litha liti. Bungwe loona mtima silikwiya ndi mafunso otere, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo komiti yosafunsidwa ndiyo imene iononga dzina la nchito yonse.

Nchito ya pa mgodi iri ndi tsiku lace lotsiriza, ndipo nyumba ya m'tauni iri ndi lendi yace mwezi ndi mwezi. Ambiri a ana a Kalindawalo, a Ndake, a Mumbi ndi a Luembe adzabwerera kwao ndi mabokosi ao. Adzafuna nthaka yobala, citsime cosaphwa, mitengo ya milimo ya nyumba ndi nsomba za mumtsinje. Zonsezi zisungika kapena kutha pamodzi ndi njobvu ndi nyamalikiti, pakuti zidya pa nkhalango imodzi. Mabungwe angabweretse mbeu, msika ndi nsapato za alonda. Koma dziko liri ndi eni ace, ndipo ena a eni acewo ndiwo amene amvera wailesi madzulo ano ku Kitwe ndi ku Lusaka.